Wapansi Mpaka kwa Apongozi

Lolemba
Ndanyamuka. Kuchoka kuno ku Bwanje mpaka ku Lizulu, wapansi, njira za m'tchire zokhazokha. Wandipachika ndi pakamwa panga. Pa Khirisimasi apongozi anga, amene pa unyamata wawo anayenda wapansi kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, anati: "Amuna a kuchigwa, ngakhale kokapala moto amapita pa njinga." Ine kudziguguda pachifuwa, pamaso pa abale onse, kuti ku chinkhoswe cha mlamu wanga Loweruka lino ndidzafika ndi miyendo yangayi.
Mayi a kunyumba atsogola pa minibasi, akuseka.
Katundu: mpunga wa mphatso ndowa imodzi, bulangete, mbatata zootcha, nsapato zatsopano.

Lachiwiri
Nsapato zatsopano ndi mfiti. Matuza anayi. Ndazikoleka m'khosi, ndikuyenda chopanda nsapato. Mbatata za masiku atatu zatha lero masana, sindikudziwa kuti zatha bwanji.

Lachitatu
Aliyense amene ndamufunsa njira akuloza ndi mlomo: "Ndi pompa, mukangowoloka dambo." Afika anthu asanu onena zomwezo. Dambo lake silikuoneka. Ndagona pakhonde la tchalitchi, udzudzu ukuchita phwando.

Lachinayi
Dambo ndalipeza. Kapena linene kuti landipeza ndilo. Pamwamba kaudzu kobiriwira bwino, pansi phala. Ndatitimira mpaka m'chiuno, thumba lili pamutu, nsapato imodzi yapita. Ine, mlimi wa mpunga, wokulira m'matope! Andizula ndi amayi atatu omweta udzu, pondiponyera chitenje.
"Kwanu n'kuti, bambo?"
Ndayankha kuti ku Lilongwe. Sindikanatha kuchititsa manyazi chigwa chonse.

Lachisanu
Nkhalango, chitunda, mphepo yolowa m'mafupa. Bondo latupa. Ndakhala pansi pa msasa wa ootcha makala ndipo kudzuka kwakanika. Akuti Lizulu ndi pompa. Ndaimbira mayi a kunyumba foni isanazime, kuwachonderera kuti atumize wa njinga yamoto mwakachetechete. Aliyense amve, koma osati bambo awo.

Loweruka
Dzuwa litangotuluka, kukubwera munthu ndi ndodo, jekete lakalekale. Apongozi. Ati njinga yamoto singatsike kuno, ndiye angobwera okha. Ndikanakonda dambo lija likanandimeza.
Sanandiseke. Bola akanaseka. Andipatsa ndodo yawo, asenza mpunga wanga, atsogola. Nkhalamba yopanda mano kutsogolo, ine kumbuyo kutsimphina. Pa chitunda chilichonse akuima, ati akufuna kupuma. Sakupuma kanthu, akudikira ine.
Titayandikira mudzi atula thumba.
"Senzani tsopano, akamwini. Anthu akuona."
Iwo alowera njira ya kudimba. Ine ndalowa ndekha pa chinkhoswe, amayi akululutira.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi apongozi akuuza aliyense: "Mkamwini wangayu wachoka ku Bwanje wapansi. Alipo wina?" Anthu akundigwira chanza. Pa chakudya andipatsa chiwindi ndi nthutumba, ndameza ngati miyala. Mayi a kunyumba akuyang'ana pansi, mapewa akugwedezeka.
Madzulo ano amuna a pamudzi agwirizana kuti munthu wolimba ngati ine sangabwerere pa minibasi, ati andiperekeza mawa mpaka pa nkhalango. Ndayang'ana apongozi kuti andipulumutse. Alowa m'nyumba, atuluka ndi nsapato zawo za ku mgodi, aziika pa mapazi anga.
Zandikwana.