A Wiebenga ndi Mapazi a Mwana Wanga

M'mawa uliwonse ndikamatsika masitepe ndi mwana, a Wiebenga ankatsegula chitseko chawo n'kufunsa funso limodzi: "Aneba, sanapondetu dothi?"

Ndinkayankha kuti ayi, sanaponde.

A Wiebenga ankakhala m'nyumba ya pansi pathu, kuno ku Leiden. Paunyamata wawo anakhalitsa pachilumba cha Java, ndipo atabwerako analemba mabuku asanu ndi anayi a miyambo ya kumeneko. Lalikulu linali la kaleredwe ka ana, lolemera moti wogulitsa tchizi wa pakona ankatsamiritsa nalo chitseko mphepo ikavuta. Koma eni akewo sanakwatirepo, khanda sananyamulepo. Ukawapatsira ankabisa manja kumbuyo, ati ali ndi inki.

Fenna wanga atabadwa, anandifotokozera kuti ku Java mwana saponda dothi mpaka atakwanitsa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo tsikulo pamakhala mwambo, mwana amamulowetsa m'dengu lovundikirira nkhuku. Mwambowo anaulemba masamba makumi anayi, koma kuuona ndi maso ayi, poti tsiku lomwe anaitanidwa anatsegula m'mimba. Ndiye anapempha kuti tidzachitire Fenna, nawo aoneko. Ine pakamwa m'polemera. Ndinangogwedeza mutu, iwo n'kuchonga tsiku pakalendala.

Dengulo anabwera nalo panjinga atalivala kumutu, njira akuionera pa timipata. Sjoerd, mwamuna wanga, khofi anamutsamwa.

"Madala, mwana wanga akalowa umo, mazira tiyambe kutola liti?"

"Werengani tsamba la makumi atatu, bambo," anatero a Wiebenga osaseka.

Vuto linabwera Fenna ali ndi miyezi isanu. Tili kudimba kwa amayi anga, ndinamukhazika pansi kuti ndimange nsapato. Pocheuka, mapazi onse ali m'dothi, lina akutafuna. Kuyambira pamenepo ndinkanama m'mawa uliwonse, nditamutsuka mpaka maondo. Sjoerd ankati ndingowauza, munthu safa ndi zimenezo. Koma nkhalambayo inali itasita kale malaya a tsikulo.

Kutatsala sabata kuti tsikulo lifike, a Wiebenga anadwala. Atatuluka m'chipatala, bedi lawo analiika pafupi ndi chitseko cha kudimba, ndipo namwino anandinong'oneza kuti masiku atsala ochepa. Ndinalowa ndi Fenna n'kuulula zonse, maso ali pansi.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ankadziwa kalekale, poti dothi la kumbuyo kwa makutu a mwanayo ndinkaiwala kutsuka. Ndinafunsa kuti nanga ankafunsiranji.

"Ndikanasiya, mukanamangodutsa pakhomo panga osayankhula. Inu ndi ine matenda athu ndi amodzi."

Anamwalira Lachinayi. Panopa pansipo pakukhala ophunzira awiri omwe sadziwa n'komwe dzina langa. Ndimatsika masitepe mpaka kufika pamsewu popanda wondiimitsa, ndipo masiku ena dzuwa limalowa ndisanayankhule ndi munthu wamkulu aliyense kupatula Sjoerd.

Tsiku lija ndinaululalo, nditanyamuka kuti ndizipita, anandikodola. Ndinayesa akufuna madzi. Anati dengu ndilisiye, mwambo wapita basi, koma panali chinthu chimodzi chomwe masamba makumi anayi aja sananene.

"Tsegulani chitsekocho, aneba. Mumuvule masokosi, mumuike pa udzupo. Ndione nkhope yomwe amachita."