Alendo a Bambo Idrisi

Mpaka lero mwana wa Bambo Idrisi akandipatsa moni, ine maso amakhala pansi.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Glasgow. Bambo Idrisi, ochokera ku Sudan, amakhala pamwamba penipeni pa mdadada wina wakale wa nyumba zosanjikizana ku Govanhill. Ukalamba unawalanda mawu. Tsiku lonse amangoti duu, ngakhale madzi sapempha. Koma dzuwa likangowomba pawindo, ankadzuka pampando, maso tong'o, chala chikutsatira chinthu chimene ine sindinkachiona.

"Dharra," ankanong'ona, uku akumwetulira. Kenaka ankandikodola kuti nanenso ndione.

M'chipindamo tinalimo awiri okha.

Thupi lonse linkachita tsembwe (inetu amene ndimatsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi kwathu). Tsiku lina anafumbata mpweya n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri, poti ndinaleredwa bwino.

Nditatuluka ndinaimbira Mayi Phiri, anzanga a kutchalitchi.

"Asisi, musachedwe," anatero. "Zinthuzo zikulowera pawindo. Tsekani makatani, ife kuno tikhala tikusala kudya."

Ndinatsekadi. Ndinapukuta paliponse, mpaka pamwamba pa kabati, ndikuimba chamumtima. Alendo osaoneka aja anasiya kubwera. Bambo Idrisi nawo anasiya kunong'ona, phala n'kumangolikankha. Ine ndinkati ndi mizimu ikunyanyala pochoka.

Mwana wawo wamkazi atabwera kuchokera ku London, anapeza mdima masanasana. Ndinamufotokozera zonse, monyadira ndithu (Ambuye andikhululukire).

Sanandikalipire, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Anandikhazika pansi n'kunena kuti bambo ake anaphunzitsa Chiarabu moyo wawo wonse. Ankakonda kufotokoza mayina a tinthu ting'onoting'ono, monga habba, njere ya tirigu kapena ya mapira. Koma la pamtima pawo linali dharra. Kalekale ankatchula choncho tinyerere tochepetsetsa, komanso tifumbi timene timayandama m'kuwala kwa dzuwa, ndipo lero a sayansi amatchula choncho atomu.

"Mawu ena onse anawathawa," anatero. "Latsala ndi limeneli, ndipo limabwera pokhapokha akaona fumbilo."

Fumbi! Mayi Phiri anasala kudya chifukwa cha fumbi.

Ndinathamanga kukatsegula makatani. Kunja kunali mvula ya waawaa, Novembala atalowa kale, ndipo amene anakhalako kuno akudziwa kuti nthawi imeneyi dzuwa limangomveka mbiri. Lomaliza la chaka ndinali nditalitsekera panja ndi manja angawa.

Masiku ano ndimabwera ndi tochi. Ndimamenya pilo kuti fumbi libuke, n'kuwalitsa patsogolo pawo. Bambo Idrisi amayang'ana tochiyo, kenaka amayang'ana ine, fumbilo osalitsatira n'komwe. Tonse awiri tikudikira dzuwa, ndipo pemphero langa tsopano ndi loti lidzawapeze akadali pampandopo.