Tsiku Lomwe Ndinagenda Nkhwazi ndi Nsapato

Nsapato yanga yakumanja ili pansi pa damu lina kupitirira Chongwe mpaka lero. Amene akuti ndinaiponya dala sakunama, koma ayambe amva kaye mbali yanga.

Ine ndimayendetsa minibasi, kuchoka ku Kanyama kupita m'tauni. Pa ntchito imeneyi pakamwa ndi hutala yachiwiri. Usanafike m'tauni wakangana kale ndi angwangwazi oitanira anthu, wakangananso ndi mayi amene wakweza thumba la makala n'kumati ndi kachikwama ka m'manja. Mkazi wanga amati ndinabadwa ndikukalipa. (Amakokomeza. Ndinayamba nditalowa sukulu.)

Mwana wanga woyamba, Misozi, anaphunzira za kuperekeza alendo oona malo, koma anakhala nthawi yaitali pakhomo, akuthandiza amayi ake kugulitsa matimati. Kenako pa famu ina yokhala ndi damu ndi tinyumba ta alendo anamuitana kuti akamuyese. Loweruka atenge alendo awiri m'tauni, akawaonetse mbalame, ndipo bwana wa pamalopo, Amai Tembo, aziyenda pambuyo n'kumaona. Akakhoza, ntchito ndi yake. Tsoka ilo, galimoto ya pafamupo inali kwa makanika, ndiye Misozi anabwera kwa ine atapinda manja.

"Adadi, mutiperekezeko na basi yanu. Koma nipempha chinthu chimodzi chabe. Osakamba."

"Ine nimakamba chani?"

"Adadi."

Ndinalumbira pamaso pa amayi ake.

Alendowo anali mdala wachizungu ndi mkazi wake, zipewa zazikulu, makamera aatali ngati paipi ya utsi ya lole. Chimene ankafuna anali atanena kale: nkhwazi. Agogo aakaziwo akuti moyo wawo wonse anali asanaijambulepo ikugwira nsomba.

Abale, ndinayesetsa. Pa tala, wa lole wina anandidula kutsogolo, ine ndinangoluma mlomo mpaka kumva mchere. Titalowa msewu wafumbi tinapeza ngolo ya ng'ombe ili pakatikati, mwini wake akuodzera. Mutu wanga unatuluka pawindo wokha, osandifunsa. Misozi anandikoka malaya kumbuyo.

"Mwauka bwanji, akulu!" ndinatero. Koma mawu amene ndinaperekera moniwo, ng'ombe zinapatuka zokha.

Damulo ndi lokongola, sindingakane. Madzi ali phee, mabango m'mbali, mitengo youma itaima m'madzi. Chimene chinandivuta n'chakuti aliyense ankanong'ona ngati pamaliro. Misozi ankaloza uku ndi uku, akutchula maina a mbalame m'Chingelezi osapunthwa, ine chifuwa chikukula kuti ameneyu ndi wanga. Kenako mdala uja anayamba kunjenjemera ndi chimwemwe, nandipatsa magalasi oonera patali kuti nanenso ndione chodabwitsacho. Ndinayang'ana. Kakowa.

"Aa, kakowa chabe? Ku Kanyama mvula ikasefukira vimabwera pakhomo ivi, vimaima pa denga la chimbudzi!"

Ine ndinkaona ngati ndikunong'ona. Abakha onse a m'mabango anauluka nthawi imodzi, kakowa uja nayenso anawatsatira. Amai Tembo anangoyang'ana Misozi n'kukweza nsidze.

Misozi anandigwira dzanja ngati akuwolotsa mwana pamsewu. "Adadi, mwaona kuja? Kuli ba gadi, ali na mbedza. Apa alendo amaloledwa kuwedza. Yendani."

Ndinapita. Mlondayo anandipatsa mbedza ndi kachitini ka nyongolotsi, ine n'kukhala pa mwala. Dzuwa linakwera. Tsidya lina ndinkamuona mwana wanga akungoyang'ana kumwamba, nkhwazi osaoneka, agogo aakazi aja ayamba kudzikupiza ndi chipewa. Ndinadziwa kuti zinthu sizikuyenda, ndipo mbali ina ya mlanduwo inali yanga.

Kenako mbedza inakoka. Chichokereni ku Petauke ndili mnyamata ndinali ndisanagwireponso nsomba, koma manja sanaiwale. Inatuluka nsomba yonenepa, yotakata kuposa zikhatho zanga ziwiri. (Mkazi wanga akuti imakula nthawi iliyonse ndikafotokoza. Iye kunalibe.) Ndinaipisa kachingwe kukamwa, n'kumangirira ku kamtengo, n'kuisiya m'madzi osaya kuti isafe msanga. M'mutu ndinali nditaikazinga kale, nditamuitananso Banda woyandikana naye nyumba kuti adzangoiona, osalawa.

Ndinatembenuka kuti nditulutse foni ndiijambule. Ndinangomva mphepo pamutu, kenako madzi khuvuu! Pocheuka, chimbalame cha mutu woyera chikukwera m'mwamba, nsomba yanga ili m'zikhadabo, kachingwe ndi kamtengo komwe zikulendewera.

Lumbiro lija linathera pomwepo.

"Kawalala! Iwe kawalala, bweza! Unakumba nyongolotsi iwe?"

Mwala sunapezeke pafupi, ndiye ndinavula nsapato n'kuponya. Inayenda bwino ndithu, koma nkhwazi sinatembenuke n'komwe. Ndinalowa m'madzi kuithamangira, ngati kuti munthu wa mimba yanga angapitirire mbalame. Masitepe angapo chabe, matope anandigwira mpaka m'ntchafu. Nkhwazi inakatera pa mtengo wouma patsogolo panga, inaponya mutu kumbuyo n'kulira kulira kwake kuja. Ena amati n'kokoma. Ine ndinamva kuseka. Zimene ndinaiyankha sizingalembedwe, poti ana amawerenga. Tsidya lija makamera ankangoti tche-tche-tche.

Mlonda atandizula ndi mtengo, ndinapeza onse afika. Alendo akusangalala ngati ana, koma nkhope ya Amai Tembo itauma gwa.

"Misozi," anatero, "pano sitinyengerera mbalame na nsomba kuti alendo ajambule. Ni lamulo. Ngati munapangana na atate anu kuti aike nyambo, ntchito palibe."

Mwana wanga anandiyang'ana. Maso anadzaza misozi. Apo mtima unandipweteka kuposa za nsomba zija, ndipo ndinaona kuti kukhala chete tsopano sikuthandiza munthu.

"Amai, imani! Ine nipatse nsomba yanga chinthu chija? Ine? Niyang'aneni bwino! Nsapato imodzi, thalauzi yanga ya ku tchalitchi! Mwana uyu ananithamangitsa chifukwa nili na chongo, sadziwa kanthu. Ine anibera masana, anthu akuona, manje mukamba ati tinapangana? Na kawalala?"

Ndinkakalipa, matope akudontha, chala chikuloza ku mtengo kumene wakubayo ankadya osafulumira. Agogo aakazi aja sankamva Chinyanja, koma anabwera ndi kamera n'kuonetsa Amai Tembo zithunzi. Choyamba, nkhwazi ikuzula nsomba m'madzi, mapiko tambasu, chithunzi chimene anachifuna moyo wonse. Chachiwiri, ine: maso kunja, pakamwa yasa moti n'kuwerenga mano, nsapato ili m'malere.

Amai Tembo anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana ine. Anayesa kugwira pakamwa. Zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu.

"Iyayi," anatero akupukuta m'maso, "nkhope iyi munthu sangaiyeseze. Misozi, uyambe Lolemba. Koma atate ako akabweretsa alendo, azikhala mu basi."

"Na mawindo otseka," anawonjezera mwana amene ndinamulipirira sukulu ndi thukuta langa.

Lero Misozi ali pa ntchito, ndipo akuti alendo amamukonda. Ine nthawi zina ndimawaperekeza, n'kukhala m'basi monga analamulira, ndikutuluka thukuta ngati mbatata ya mumphika. Abusa athu atamva nkhaniyi anati phunziro lake n'lakuti mkwiyo umamiza munthu m'matope. Ndinavomera, poti ndi abusa. Koma phunziro limene ine ndinatolapo n'lakuti nsomba ukagwira, ika m'thumba, umange pakamwa.

Mbendera ya dziko lathu ndimailemekeza, ikamakwezedwa ndimavula chipewa ngati wina aliyense. Kungoti mbalame ili pakona pamwamba paja, ine ndi iyo timadziwana.