Tsiku Limene Ndinalembetsa Mbuzi mu Fomu 2

Ndisanayambe nditchuliretu mboni zanga, chifukwa ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amati ndikuthira mchere. Mboni yoyamba ndi a Chimphamba, mphunzitsi mnzanga wa masamu, amene anandikumbira dzenjelo. Yachiwiri ndi a Kamwendo, mlimi wa mbatatesi woyandikana ndi sukulu yathu, kumapiri kuno kumtunda kwa Linthipe. Yachitatu ndi Tiyamike, mtsikana wa Fomu 2 wa mutu wogwira moopsa. Panalinso mbuzi, koma imeneyo musaifunefune, inapita kale ndi mpunga pa ukwati wina. Enawo ali moyo, kawafunseni.

Ine ndimaphunzitsa Sosho. M'mwezi wa Febuluwale tinafika pa mutu wa makhoti ndi ufulu wa munthu woganiziridwa mlandu. Sabata yonse ndinali kukhomerera: woganiziridwa ali ndi ufulu wokhala chete, gulu lisamalange munthu palokha, ndipo mlandu wakuba sukambidwa pansi pa mtengo, umapita kupolisi. Anawo ankangondiyang'ana ngati nkhuku zonyowa. Ndinadziuza kuti palibe chimene alowetsa m'mutu. (Kulakwa kwanga kunayambira pamenepa.)

Ndiye ndinaganiza zochita sewero la khoti m'kalasi momwemo. Tiyamike akhale woweruza, tinamupangira ndi wigi ya khonje. Mnyamata wina, Yohane, akhale wakuba mbuzi. Chinatsala ndi umboni, ndipo ine, pofuna kutchuka, ndinati umboniwo ukhale wopuma.

"Achimwene, musavutike, katengeni mbuzi yanga," anatero a Chimphamba, maso ali pa makope amene ankachonga. "Ili kuseri kwa bwalo la mpira, yakuda, yomangirira pachikhomo. Ine mawa m'mawa ndili ku boma."

Mukudziwa kuti dzinja kuno mbuzi iliyonse imakhala pachingwe kuopa chimanga cha eni, ndipo womasula chingwe chimene sanamange yekha ali ndi dzina limodzi lokha. Ine zimenezo sindinaziganize. M'mawa mwake, chifunga chili tolo, ndinapita kuseri kwa bwalo, ndinapeza mbuzi yakuda, ndinamasula. Inakana, inakhwimitsa miyendo, inalira ngati ikuitana abale. Mbuziyo inkadziwa malamulo kuposa ine. Ndinaikoka m'matope mpaka m'kalasi.

Khoti linayamba bwino zedi. Yohane anakana mlandu, loya wake analankhula mpaka thovu kukamwa, ana anaseka, ine mtima unali m'malo. Vuto linali umboni wokha, umene unakwera pabenchi n'kuyamba kudya wigi ya woweruza. Ndinalanda chingwe kwa Yohane kuti ndiugwire ndekha.

Chingwe chili m'manja mwanga chomwecho, ndinamva wenzulo kunja. Kenako mawu amene mphunzitsi aliyense wa Sosho amawatchula m'kalasi koma safuna kuwamva ndi makutu ake: "Wakubaaa!"

Ndinasuzumira pawindo. Anthu ankatsika kuchokera kubwalo la mpira ataweramira pansi, akulondola mapazi m'matope, a mbuzi ndi a nsapato zanga. Patsogolo a Kamwendo, pambuyo pawo achitetezo a m'mudzi ndi zibonga, kenako amayi ndi makasu, anyamata ndi miyala. Kumapeto kwenikweni kunali bambo wina wamtali, wosalankhula, atakoleka tayala paphewa.

Tayala. Dzulo lake lomwelo ndinali nditawafotokozera anawa zimene gulu lolusa limachita ndi tayala.

Maondo anga anawombana mwamphamvu moti ana a Fomu 1 anatuluka m'kalasi mwawo poganiza kuti belu la buleki lalira. Izi ndikulumbira, mphezi indipeze. Ndinaponya maso ku ofesi ya ahedi kuti mwina chipulumutso chichokera kumeneko. Ndinangoona katani ikutsekeka pang'onopang'ono.

A Kamwendo anaima pakhomo. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana chingwe, anatsatira chingwecho ndi maso mpaka pa dzanja langa.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "mbuzi yangayi yayamba liti sukulu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za a Chimphamba. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma Tiyamike anaimirira, theka la wigi lili pamutu, n'kumenya tebulo ndi dasitala.

"Sala, musayankhe! Chilichonse mungalankhule chidzakhala umboni kukhoti."

"Ayi mwanawe, ndingowauza kuti..."

"Ufulu wokhala chete!" kalasi yonse inakuwa pamodzi, ana omwe aja ndinkati sanamve kanthu.

"Tamverani ana inu, mbuziyi..."

"Sala, chete! Tikukutetezani!"

Mayi wina pawindo anawomba m'manja. "Mwaona? Alibe mawu. Wosalakwa amalankhula."

Mnyamata wina wa kunjako anakweza chibonga n'kuyamba kudzipanikiza pakhomo. Ndinatsinzina. Nditatsegula maso ndinapeza ana anga andizungulira atagwirana manja, Yohane ali patsogolo, akumuuza wachibongayo kuti akandikhudza mlandu ukhala wake. Apa ndisaname, anandipulumutsa. Ndikanalira ndi chisangalalo, koma madzi onse a m'thupi anali atatuluka kale ngati thukuta, pa kuzizira kwa Dedza.

A Kamwendo ndi munthu wa mapemphero, mkulu wa mphakati. Ataona mmene thukutalo linandinyowetsera anagwidwa chisoni.

"Anthuni, aphunzitsiwa timawadziwa," anatero. "Tiyeni tikhale pansi pa mkungudza apo, apepese, ine nditenge mbuzi yanga, zithe."

Ndinatsala pang'ono kuwagwira miyendo. Ndinayamba kale kuyenda kulowera kumtengoko.

"Pepani bambo, sizingatheke," anatero Tiyamike mwaulemu, atapinda maondo. "Kuba ndi mlandu wa boma. Sukambidwa pansi pa mtengo, umapita kupolisi."

"Wakuuza zimenezo ndani, mwanawe?"

"Sala omwewa. Anatilembetsanso m'kope."

Mkulu wa achitetezo ananditembenukira. "N'zoona, aphunzitsi? Munaphunzitsa nokha?"

Ndinafuna kukana, koma ndinali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ana makumi angapo ankaonetsetsa kuti ndiugwiritse ntchito.

"Basi, tiyeni ku Linthipe," anatero mkuluyo.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Mbuzi patsogolo, ine pambuyo pake nditagwira chingwe (Tiyamike anati umboni usasinthe manja), ana atandizinga, gulu kumbuyo. Pa mudzi uliwonse anthu ankawonjezereka, ndipo mlandu wanga unkakula nawo. Pochoka pasukulu ndinali nditaba mbuzi imodzi. Powoloka kamtsinje ndinali nditakokolola khola lonse. Pofika pa chigayo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti ndine amene ndimawolotsa ng'ombe kupita ku Mozambique, uphunzitsiwu n'chophimba chabe.

Bambo wa tayala uja sanachoke kumbuyo kwanga. Ndikacheuka, ali pomwepo, nkhope ili gwa, tayala paphewa. Ndikafulumira, nayenso afulumira. Ndinkangonunkhiza mpweya kuti ndimve ngati wina wanyamula petulo. Ndinanena Tikuoneni Maria mpaka mawu anasokonekera, ndinalapa machimo anga onse, atatha ndinayamba kulapa a achimwene anga. Ndinaganiza za ntchito yanga, za mayi anga akumva pawailesi kuti mwana amene anamuphunzitsa ndi ndalama za kabichi wathera pa mbuzi, yoonda n'komwe.

Titafika pamsewu wa tala, minibasi yochokera ku boma inaima, ndipo anatsika a Chimphamba ndi jumbo ya buledi.

"Achimwene, kwagwanji? Mwawatenga ana ulendo wa maphunziro?"

"Mboni!" ndinakuwa ana asanandiletse. "Mboni yanga iyo! A Chimphamba, auzeni anthuwa, mbuziyi ndi ya yani?"

Anaizungulira mbuziyo modekha, ngati akufuna kugula. "Iyi si yanga."

Gulu linang'ung'udza. Ndinamva tayala likusuntha paphewa kumbuyo kwanga. Mzimu wanga unatuluka, unakakhala pa denga la sitolo, n'kumaonerera. Izinso ndikulumbira.

Kenako a Chimphamba anadzimenya pachipumi. "Aaa! Koma inetu! Yanga ija mayi a kunyumba anagulitsa mwezi watha, tinagulira feteleza. Pepani anthuni, ndinawatuma ndine bambowa. Ndinaiwala kuti ndilibe mbuzi."

A Kamwendo anayamba ndiwo kuseka, mpaka anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Koma Tiyamike sanalole kuti tibwerere tisanafike kupolisi. Wapolisi amene tinamupeza anamvetsera zonse atagwira pakamwa, anafunsa a Kamwendo ngati akudandaula, iwo anati ayi, mbuzi yawo yaphunzirako zaulere. Anafunsa anawo za ufulu wa woganiziridwa, iwo anayankha ngati nyimbo ya kwaya.

"Mphunzitsi wanu ndi wabwino," anatero wapolisiyo. "Kungoti dzinja lino muzimumangirira pachikhomo."

Potuluka, bambo wa tayala uja anandigwira paphewa. Ndinalumpha.

"Pepani aphunzitsi, wokonza njinga amakhala pati masiku ano? Ndimabwera ndekha kudzamatitsa tayalali, ndiye ndinati bola ndiyende ndi anthu."

Pa mayeso a teremu imeneyo, funso la ufulu wa woganiziridwa palibe mwana amene analiphonya. Ahedi anandiyamikira pa asembule (katani ija sitinaikambepo mpaka lero). Masiku ano umboni ndimaujambula ndi choko pabolodi, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndasuzumira pawindo.

Mutu wotsatira m'silabasi ndi ufulu wochita zionetsero. Tiyamike wandifunsa kale ngati umenewonso tidzauchite moyeserera. Ine ndawadziwitsiratu ahedi kuti sabata imeneyo ndidzadwala malungo.