Beseni la Apongozi Linathera Mumtengo wa Mango

Ku Chiwanga, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, akandiona amangoti "a Injiniya adutsa," kenako n'kuseka chobisa pakamwa. Dzinali si laulemu ayi. Ndinalipeza tsiku limene ndinathamangitsa mudzi wonse masana dzuwa likuswa mtengo.

Inali nthawi ya nkhondo, ine nditangobwera kumene kuchokera ku Jeremani kumene boma linatitumiza kukagwira ntchito. Ndinali m'fabrika, kapena kuti fakitale, ya pulasitiki, yopanga mabokosi aakulu oti munthu n'kugonamo. Ankasungunula pulasitiki, n'kuipopera mpweya, n'kuikankhira m'chikombole chachitsulo. M'menemo inkafufuma ngati mandasi: kunja kolimba, m'kati timabowo tokhatokha, chinthu chachikulu koma chopepuka. (Ndiulule lero: makinawo sindinawagwirepo, ndinkangowaonera pawindo. Ntchito yanga inali yosenga m'mbali ndi mpeni zinthu zikatuluka. Koma kumudzi ndani akanadziwa?)

Ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Lusiya. Misewu inali yotsekeka, m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Chuma cha pakhomopo chinali chimodzi: beseni labuluu la apongozi anga aakazi, lomwe kwathu timati basiya. M'menemo ankatutira usipa kupita pathandala, ndipo ukauma ankausenzeramo kukasinthanitsa ndi chimanga kwa anthu otsika kuchokera ku Maniamba. Linali litang'aluka pang'ono m'mphepete, iwo n'kusokapo ndi ulusi wa khoka.

Mng'alu umenewo unkandiyabwa m'maso. Koma mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Zaka zonse za ukwati wathu tikakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa Lusiya.

"Kawauze amayi andipatse basiyayo," ndinatero. "Ndiisungunula, ituluka yatsopano, kukula kwake kawiri."

Lusiya anapita, nabwerako. "Akuti kawiri ichokera kuti?"

"Mpweya! Uwauze kuti theka la pulasitiki ya Azungu ndi mpweya."

Anapitanso, nabweranso. "Akuti nkhondo yawalanda mbuzi ndi munda wa kuphiri, basiya yokha ndiyo yatsala. Akuti mulumbire."

Ndinalumbira, abale, mpaka kuloza kumwamba.

Chikombole ndinaumba ndi dothi la pachulu, zibenthu ziwiri, n'kuzimanga ndi waya, pamwamba n'kusiya kabowo. Ndinadikira masiku awiri okha kuti chiume, poti mtima unali phamphu. Tsiku lachitatu ndinaduladula beseni lija ndi chikwanje (Lusiya anatembenukira kumbali, sanafune kuona), ndinawonjezapo mapatapata oduka, n'kuika zonse pamoto m'chidutswa cha mgolo. Utsi wake nkhuku zinasamuka.

Tsopano mpweya ndiutenga kuti? Apa m'pamene nzeru zanga zinafika pachimake. Ndinakumbukira momwe therere limachitira thovu akathiramo chidulo. Ndinati ndi zomwezo basi, Mjeremani amangobisa dzina. Ndinatapa chidulo cha Lusiya chikho chodzaza.

Ndinatsanulira phala lotentha lija m'chikombole, ndinathira chidulo pamwamba, n'kukhomerapo chitsekero chamtengo kuti mpweya usathawe. Poona kuti palibe chikuchitika, ndinakankhira chikombolecho pamakala kuti chifulumire. Chinayamba kulira kuti tswiii. Ine n'kugwedeza mutu ngati katswiri.

"Wamva, Lusiya? Ikufufuma."

Phuuu!

Kulira kwake kunabwerera kuchokera kumapiri. Ndinapezeka ndakhala pansi, makutu ali ngwee, m'kamwa muli dothi. Ndiye wina kuseri kwa nyumba anakuwa kuti, "Afika! Afika!"

Masiku amenewo mawu amenewa sankafuna kumasulira. Aliyense ankakhala ndi kamtolo kake chomangiratu. Ndinaona ndi maso angawa mudzi ukutha ngati wina wausesa ndi tsache: amayi ana kumsana, asodzi kukankha mabwato opanda nkhafi, mwamuna wina wamkulu bwino akuthamanga mbuzi ili paphewa. Ndinayesa kukuwa kuti, "Ndine! Ndi basiya chabe!" Koma poona munthu nkhope yakuda bii ndi mwaye, nsidze zitapsa, akukupiza manja, anthu anangowonjezera liwiro.

Mantha enieni anandigwira nditaona apongozi. Mayi wachikulire, wodwala mawondo, anali atalowa m'bango mpaka madzi kufika m'khosi, mutu wokha ukuoneka. Akanamira pamenepo ndikanauza anthu chiyani?

Panapita nthawi kuti anthu abwerere, mmodzimmodzi, akusuzumira. Anandipeza ndili chilili pafupi ndi dzenje limene kuphulikako kunasiya. Onse ankayang'ana kumwamba, kumtengo wa mango, kumene pulasitiki yabuluu inali lendelende m'nthambi ngati mamina.

Kenako khamu linapatuka. Apongozi anali kubwera, nsalu ikudontha madzi, ndere zili m'tsitsi. Ndinayembekeza kuti aima patali n'kuitana Lusiya monga mwa masiku onse. Ayi ndithu. Anafika mpaka pamaso panga penipeni, nandiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika, "basiya yanga ili kuti?"

Ndinangokweza chala n'kuloza mumtengo.

Anayang'ana nthawi yaitali. "Yakuladi kawiri," anatero. "Yafika nthambi zonse."

Wina anayamba kuseka, koma iwo sanaseke. Anapitiriza kuti, "Anthu a mfuti anabwera kawiri, basiya anandisiyira. Ndinkaopa a kutchire, osadziwa kuti nkhondo ndaipatsa ndekha malo omanga nyumba."

Ndikanakonda akanandimenya ndi mpini.

Kuyambira sabata imeneyo mpaka nkhondo kutha, beseni la apongozi ndinali ine. Usipa wonse wa pakhomopo ndinkausenza pamutu m'dengu lobooka, madzi a nsomba akutsikira m'khosi, iwo ali patsogolo ine pambuyo, ana akuimba "a Injiniya." Ndipo poti mwambo unali utasweka kale, sanabwererenso kwa Lusiya, chilichonse ankandiuza okha, tsiku ndi tsiku, osasiyako kanthu.

Phunziro ndinalitola: chomwe unangochiona pawindo usamachiyesere pa chinthu chomaliza cha apongozi. Komabe nthawi zina ndikakhala ndekha ndimaganiza kuti chikho chija chinangokula. Ndikanathira theka, mwina bwenzi tikunena zina.