Samalani Safa ndi Dayisi

Lolemba

Sindikuvomera. Ndilembe poyera: sindikuvomera!

Dzulo tinali kwa ba Chanda ku Chilenje, pa masewera athu a nthano ndi madayisi. Iwo amasimba nthano, ife atatu aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo pakafika choopsa imagamula ndi dayisi. Wanga ndi Samalani, sing'anga wa gulu. Chaka chachitatu chino ndikumusunga ngati dzira. Sathamanga, sayenda patsogolo, samwa madzi a pachitsime chachilendo. Ndiye dzulo wangosuzumira mumtsuko wa m'phanga, maso n'kuphana ndi njoka yosandutsa anthu mwala.

Ba Chanda: "Ponyani ya mbali makumi awiri. Ikagwa pansi pa 8, mwafa. Kulibe mankhwala, kulibe apilu."

Ndisanaponye, akazi awo afuna tebulo kuti asankhirepo salaula, zovala zakale zogulitsa. Taimira pomwepo. Ndili ndi sabata imodzi yomupulumutsa.

Lachiwiri

Ine kuntchito ndine woona za chitetezo cha antchito. Dipuloma ndili nayo. Ndikudziwa kuti munthu safa popanda chenjezo. Mfundo zanga:

- pamtsuko panalibe chikwangwani;
- Samalani ali ndi mphamvu zake zonse, ngakhale chimfine alibe;
- pankhondo munthu amavulala kaye, n'kuona magazi, n'kuthawa. Apa kuponya kamodzi basi, moyo wonse?

Ndawatumizira ba Chanda pa foni, m'Chingerezi chabwino. Yankho lawo: chithunzi cha bokosi lamaliro.

Ndi mwano. Sindigwa mphwayi.

Lachitatu

Kuyesa dayisi. Akuti ukaiyika m'madzi amchere wambiri imayandama, ndipo ngati ili ndi mbali yolemera imadziulula yokha. Yayandamadi. Ndikaizunguza ikuonetsa 2. Ndazunguzanso, 17. Ndazunguzanso, 2. Ndiye kuti chiyani?

Amake Tiyanjane andipeza nditawerama pa kapu, ndikunong'ona manambala.

"Imwe, mchere wonse wathera m'menemo? Mwayamba maula?"

Ndawafotokozera kuti ndi sayansi. Akuti Lamulungu akauza amayi abusa. Ndiwo za lero zilibe mchere, ndipo mlandu ndi wanga.

Lachinayi

Kusonkhanitsa anzanga a pamasewera, ba Mutinta ndi ba Zulu, kuti tikane lamulo limeneli tonse pamodzi. Tikagwirizana, ba Chanda adzasimbira ndani nthano?

Ndadutsa kwa ba Mutinta ku saluni yawo ku Mtendere. M'nthano ndiwo ankhondo athu, ndipo Samalani wawamanga mabala osawerengeka. Andilandira bwino, manja ali m'tsitsi la kasitomala.

"Iye, ba Samalani! Pepani maningi. Bulu wanu uja nizatenga ine, ba Zulu bakamba ati bafuna chola cha mankhwala."

Agawana kale! Kulanda chuma cha masiye mwini wake akupumabe! Ba Zulu foni sakuyankha, angolemba kuti: "Nsapato zake ni saizi bwanji?"

Ndatsala ndekha. Palibe kanthu. Ngakhale ndekha ndilimba.

Lachisanu

Ndapeza potulukira: Samalani anali atatsinzina. Inde! Munthu wosamala ngati iye sangasuzumire mumtsuko maso ali tong'o.

Ndawaimbira ba Chanda. Vuto ndi loti iwo ndi Mbemba, ine wa kum'mawa, ndiye pa chimbuya chathu, chibale chanthabwala cha mitundu yathu iwiri, amandinyoza mmene angafunire ndipo sindiloledwa kukwiya.

"Mbuya, pa maliro tikonze mbeba zingati?"

Ndawabwezera za anyani amene amadya kwawo. Kenako ndatchula za kutsinzina.

"Awe! Munakamba mweka ati: niyangana bwino-bwino, kawiri, kuti nisimikize."

Ndinanenadi. Kawiri. Ndimatero ndi chilichonse.

Loweruka

Sindipita. Basi! Dayisi ikapanda kuponyedwa, Samalani safa. Akhale chiweramire pamtsukopo mpaka Yesu adzabwere. Akumva kuwawa msana, koma ndi wamoyo.

Ndawadziwitsa. Mtima mbee. Ndatsuka njinga, ndakonza chitseko cha bafa, ndaimba nyimbo.

Masana, uthenga: "Mukapanda kubwera nizamuponyera ine. Na kwanja ya kumanzere."

Dzanja la ba Chanda! Dzanja lomwe silinaonepo 10 chibadwire! Ayi. Ngati n'kufa, afere m'manja mwanga. Koma safa. Mbali zopha ndi zisanu ndi ziwiri zokha, zopulumutsa khumi ndi zitatu. Masamu ali kumbali yanga. Ndasita malaya oyera.

Lamulungu

Yagwa 4.

Inagunda kapu ya tiyi, n'kugubuduka, n'kuima kaye pa 19, ndikulumbira, kenako n'kugona. Samalani ndi mwala.

Ba Mutinta ayamba nyimbo ya maliro. Ba Chanda alowa kukhitchini, abwera ndi ufa kudzanja, andithira kumutu monga mbuya amachitira ndi wofedwa. Ndafuna kutsutsa, ufa walowa m'kamwa. Andipatsa pepala latsopano loti ndipange munthu wina. Ndalipinda, ndaika m'thumba.

Mu minibasi yobwerera ku Kalingalinga anthu aona mutu woyera, andisiyira malo a pazenera. Mayi wina wachikulire wandigwira phewa.

"Pepani, atate. Banadwala nthawi itali?"

"Ayi, mayi. Zangochitika mwadzidzidzi."

"Ni chifuniro cha Mulungu."

Sindinawatsutse.