Mphira Yomwe Ndinayezera Galimoto ya Bambo

"Kodi anzanga, zenera la kukhitchini kwangaku mudzandiyezera liti, poti odziwa kuyeza m'mudzi muno ndinu?"

Anandifunsa choncho a Nangozo, oyandikana nawo nyumba, tili pa mjigo sabata yathayi. Nkhope anaiumitsa ngati akulengeza maliro, koma amayi ena onse anafa nalo phwete, wina mpaka kutaya madzi. Ine ndinangosenza ndowa yanga n'kunena kuti, "Mudzandiuze tsiku, ndidzabwera ndi zida zanga." Nanga ndikanatani? Nkhaniyi ndi bwino ndiifotokoze ndekha, ena asanaithire mchere wopitirira.

Bambo anga pomwalira anandisiyira pikapu yakale yobiriwira (poyamba inali yobiriwira, pano aliyense amatchula mtundu womwe wauona). Ndi galimoto yomwe inatilera. Kachewere wathu wa kuno ku Tsangano imatsitsa ndi iyoyo kupita naye kumsewu wa tala, ndipo amene amaiyendetsa ndi amuna anga, bambo a Tadala. Chaka chatha, itasenza, inagwa m'chidzenje pamtsetse, chasisi n'kuthyoka pakati. Chasisi ndi chitsulo chachikulu chapansi chomwe galimoto yonse imakhalapo, ndipo chathucho dzimbiri linali litachidya kalekale. Inabwera kunyumba chokokedwa, msana uli khotee ngati ng'ombe yokalamba.

Ena anati tiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinakana. Tinaitana a Saidi, makaniko amene amawotchereranso zitsulo pa Tsangano. Anaizungulira, anagogoda apa ndi apo, kenaka anati, "Mutu uli bwino, bodi ya katunduyi ili bwino. Chafa ndi cham'munsi. Pezani chasisi china chatsopanoko, nyumbayi tiinyamule tiikhazike pamaziko ena."

Patapita miyezi tinamva kuti ku Kandeu kuli pikapu yatsopanoko yomwe inagubuduzika. Pamwamba ponse panaphwanyika, koma chasisi, matayala ndi injini zinali bwinobwino. Mwini wake ankafuna ng'ombe. Tinali nazo ziwiri zokoka ngolo, tinagwirizana zopereka imodzi. Bambo a Tadala ananyamuka m'mamawa kukachiona, ndipo dzuwa lili pamutu foni inalira.

"Mayi a Tadala, ndaiwala chinthu chimodzi. A Saidi anati ndiyeze kaye mabowo a mabawuti, pomwe mutu ndi bodi zimamangidwa ku chasisi. Talowani pansi pa galimotopo, muyeze ndi chingwe, pa bowo lililonse mumange mfundo, mupatsire wanjinga yamoto abwere nacho. Fulumirani, akuti pali wina akuchifunanso."

Ndinayamba kufunafuna chingwe. Cha mbuzi chinali ndi mbuzi. Choyanikira zovala chinali chodzaza ndi matewera a Tadala, onyowa. Telala amene ali ndi tepi anali atapita kumaliro ku Mlangeni. Ndikutembenuka, maso anagwera panjinga yathu yakapalasa. Pakaliyala panali mphira, ija yodula kuchubu cha tayala, yomangira katundu. Yayitali, yolimba, yosaduka. Ndinadziyamikira mumtima kuti mutu ndili nawo.

Tadala anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndinamubereketsa a Nangozo, n'kuwapatsanso nsonga imodzi ya mphirayo kuti agwire (lero akuseka, koma wogwira nsonga anali iwowo, ndipo sananene kanthu). Ndinakwawira pansi pa galimoto chagada, fumbi ndi dzimbiri zikundigwera m'maso, nkhuku zikundisuzumira. Ndinagoneka mphira bwinobwino, osakoka ngakhale pang'ono kuopa kulakwitsa. Mfundo zisanu ndi imodzi. Ndinabwereza kachiwiri kuti nditsimikize, chifukwa ine sindichita zinthu mothamanga. Ndinaipinda, kuiika m'jumbo, wanjinga yamoto n'kupita nayo.

Chakumadzulo foni inaliranso. "Zagwirizana ndendende! Ngati zinabadwa tsiku limodzi. Mayi a Tadala, ndinu injiniya."

Mawu amenewo ndi amene anandipha. Ndinawanyamula kupita nawo pa mjigo, kuchigayo, mpaka kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Aliyense wofunsa za galimoto ndinkamuyankha kuti, "Zatsala pang'ono, ndinayeza ndekha." Ngakhale wosafunsa ndinkamupezera njira.

Ng'ombe inapita, chasisi chinabwera chokokedwa ndi lole. Poti a Saidi anati ndi ntchito ya masiku awiri, tinakumbiratu kachewere yense wa kudimba n'kumuunjika komweko, titamufunditsa udzu. Unali mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kudera chaku Mozambiki. Kachewere ameneyo ndiye anali feteleza wathu, sopo wathu, zonse za chaka chimenecho.

Loweruka kunabwera amuna khumi ndi anayi odzanyamula. Ndinaphika thobwa, ndinapha nkhuku ziwiri. A Saidi anamasula mabawuti akale, kenaka anaima pakati pa chasisi chakale ndi chatsopano, akuyang'ana uku ndi uku, akukanda pansi pa kachisoti kawo.

"Munayeza?" anafunsa amuna anga.

Iwo asanatsegule pakamwa ine ndinayankhira kukhitchini. "Ndinayeza ndi ine, a Saidi. Kawiri!"

"Chabwino, mayi," anatero.

Analowetsa mitengo ya bulugama pansi pa mutu, amuna n'kuikweza pamapewa. Mutu unakhala. Bowo limodzi linavutako, koma a Saidi analinyengerera ndi hamala. Ine ndinaimba nthungululu. Chasisi chakale anachikankhira kutali kuseri kwa khola kuti apeze malo, bodi ili kale pamapewa a anthu.

"Tsitsani pang'ono! Imani! Bowo silikuoneka. Pitani kumbuyo."

Anapita kumbuyo. Matayala analowa m'malo mwake, koma pakati pa mutu ndi bodi panatsala mpata woti munthu wamkulu n'kuimapo, mabowo osakumana.

"Bwererani kutsogolo."

Anabwerera. Mpata unatsekeka, koma tsopano bodi inkafuna kukhalira matayala, chasisi chitatulukira kumbuyo ngati mchira.

"Kumbuyonso!"

"A Saidi, tikuvina ngoma kodi?" anakuwa amuna a Nangozo, omwe ndi aafupi ndipo ankanyamula ndi mutu m'malo mwa phewa. "Mapewa atha kuno! Ikani penapake!"

Poika panalibe. Wina anagubuduza mgolo wamadzi, wina anathamangira pakhonde n'kutenga mtondo wanga. Anatsitsira bodi pamenepo. Mgolo unapirira. Mtondo unangoti phaa, n'kung'ambika pakati.

A Saidi anapukuta manja n'kufunsa mofatsa kuti, "Chingwe munayezera chija chili kuti?"

Amuna anga anapisa m'thumba n'kuchitulutsa monyadira. A Saidi anachilandira ndi zala ziwiri, ngati agwira njoka yakufa. Anachiyang'ana nthawi yayitali. Kenaka anachipinda pawiri, anaponda nsonga imodzi pafupi ndi phazi la amuna a Nangozo, mfundo yomaliza n'kufika pamutu pawo. Anasuntha n'kuponda pafupi ndi phazi la amuna anga, omwe amawerama polowa pakhomo, anakoka, mfundo yomweyo n'kufika pamutu pawonso.

"Abale," anatero, "anthu awiriwa ndi ofanana msinkhu. Mphira yatero."

Kuseka kwake sindidzaiwala. Ena anakhala pansi, ena anagwira mimba, amayi omwe ankandithandiza kuphika anatulukira ndi zikho m'manja. Wina anafunsa kuti, "Injiniya ali kuti?" Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini ndi chipande, ndikulakalaka nditasanduka utsi.

"Koma ku Kandeu inakwana," anatero amuna anga ndi mawu otsika.

"Munakoka?"

"Pang'ono. Ndimaganiza kuti yakhwinyata m'jumbo muja."

"Mfundo zonse?"

"Iliyonse ndimaikokera pabowo pake."

Phwete linayambiranso. Koma ine kuseka kwa anthu sikunali kundipwetekanso. Ndinali nditayamba kuona zenizeni. Ng'ombe yapita, ndipo ya ku Kandeu siibwerera. Galimoto ya bambo anga ili zidutswa ziwiri pabwalo, china pamgolo. Kachewere ali kudimba, mitambo ili pamwamba. Misozi inayamba kulengeza, ndinatembenuka kuti ndikabisale kuseri kwa nkhokwe.

Pamenepo ndi pomwe amuna anga anakweza mawu anthu onse akumva. "Musawaseke okha. Womanga mfundo ndi iwo, wokoka ndi ine, woiwala kuyeza ndi inenso. Ziwiri zanga, chimodzi chawo." Ndinakwatiwa bwino, anthuni, ngakhale ndi munthu wokoka mphira.

A Saidi anatulutsa tepi yawo (anali nayo m'thumba tsiku lonselo, ndipo anavomera okha kuti mawu anga aja a "kawiri" anawachititsa manyazi kuitulutsa). Chasisi chatsopanocho chinali chitatalikirapo kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Anati, "Mayi, pukutani misozi, palibe chafa. Chitsulo sichikana moto. Tiwotcherera zogwirira zina, bodi tiiwonjezera kutsogoloku. Koma si ntchito ya pano, ikufuna magetsi, ndipo si ya masiku awiri."

Amuna aja, atadya nkhuku zanga, sanabalalike. Anamangirira bodi pachasisi ndi zingwe zenizeni, tinamanga ng'ombe yathu yotsala pamodzi ndi ya a Nangozo, ena n'kumakankha kumbuyo mpaka kwa a Saidi pa Tsangano. Ine ndinatsala ndikutola zidutswa za mtondo.

Magetsi ankabwera n'kumapita mmene afunira. Tsiku lachinayi mvula inagwa, yoyamba, yamphamvu, ndipo madzi analowa m'dimba. Ndinathamangira kumeneko ndi mwana kumbuyo, beseni limodzi m'manja, osadziwa kuti ndiyambira pati. Ndisanadzaze kachiwiri ndinamva mawu kumtunda. Anali amayi a pa mjigo, atatsogozedwa ndi a Nangozo, aliyense ndi dengu kapena beseni.

"Injiniya, tiuzeni potula!"

Tinasenza tsiku lonse, matope mpaka m'mawondo. Kachewere anadzaza khonde lathu, chipinda chochezera, mpaka khitchini ya a Nangozo. Omwe anaseka kwambiri Loweruka lija ndi omwenso anasenza kwambiri, ndipo ankandisekabe akusenza. Wapansi pa mulu anali atamwa kale madzi. Tinamuyanika, tinamusankha, koma wina anayamba kununkha ndithu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tinamva kulira kwa injini yosadziwika ikukwera chitunda cha kwathu osatsokomola. Anali a Saidi pachiwongolero, amuna anga pambali, mano onse pamtunda. Mutu womwe uja, galasi long'aluka lomwe lija, koma itaima mowongoka ngati mnyamata. Pomwe panali mpata panali chitsulo chatsopano chosapaka utoto. Mayi anga anatuluka, anatsegula chitseko, n'kukhala pampando pomwe bambo anapasiya dzenje. Kenaka anati, "Fungo ndi lomwe lija." Ndinangogwada n'kuwathokoza a Saidi ndi manja awiri, iwo n'kumati, "Dzukani mayi, mundidetsera mbiri."

Kachewere wotsala tinamutsitsa mawa lake lomwe, maulendo awiri, msewu usanaterere. Bodi yotalikayo imanyamula matumba anayi oonjezera, ndipo amuna anga amati amenewo ndi matumba anga. Ndinaphunzira kusalandira ulemu mabawuti asanamangidwe. Tepi ndinagula yangayanga, imakhala m'chikwama cha kusikelo pamodzi ndi buku la Tadala, ndipo amuna anga akaibwereka ndimaima pomwepo kuona ngati akukoka.

Zomwe zinatayika ndi izi: matumba asanu ndi awiri a kachewere, mtondo umodzi, nkhuku ziwiri, masiku asanu ndi anayi, ndi mphira ya panjinga, yomwe a Saidi anaipachika pakhoma pamalo awo a ntchito ndipo akukana kubweza.